Kuyeza mwayi wa malo ku yunivesite: mwana wa ku Neno wokulira kunja

Yunivesite imene anthu amalimbirana malo siika onse opempha pa mzere umodzi. Imayamba yawagawa: eni dera ndi obwera, nzika ndi alendo, a satifiketi ya m'dzikomo ndi a satifiketi yakunja. Ikatero ndi pamene imayang'ana amene wakhoza kuposa mnzake, ndipo aliyense imamuyerekeza ndi a pa mzere wake. Zili ngati pa boda ya Mwanza, pomwe kufulumira kwa mzere wa magalimoto ang'onoang'ono sikuuza dalaivala wa thiraki nthawi imene awoloke. N'chifukwa chake chiwerengero chimene nyuzipepala zimakonda kulemba, chakuti anapempha ochuluka chonchi koma anatengedwa ochepa chonchi, sichithandiza kwenikweni banja la ku Neno limene likulera mwana ku Johannesburg, ku Tete, ku Leeds kapena ku Indiana.

Mwana wotere amatha kukhala wobwera mbali zonse ziwiri. Kumene akukhala, pasipoti yake ndi ya Malawi. Kwawo, satifiketi yake si ya MANEB. Choncho kuyeza mwayi wake kumayamba ndi kudziwa mzere umene mapepala ake amuikapo. Kenako pamafunika kudziwa malo amene mzerewo wapatsidwa, kawerengedwe ka mapointi pa sukuluyo, ndi mapointi a munthu womaliza kutengedwa chaka chatha pa maphunziro omwewo. Makolo ambiri amayambira pa nzeru za mwana, koma ofesi yolemba ophunzira imafika pa nzeruzo itafunsa kale zinazi.

Mapepala a mwana

Ku South Africa, kumene anthu a ku Neno amapita pa mabasi odutsa pa Zalewa, Mwanza, Tete ndi Beitbridge, mayunivesite amasiyanitsa nzika, anthu a chilolezo chokhazikika m'dzikomo, othawa kwawo ovomerezeka, ndi alendo ofunika viza ya sukulu. Ana ambiri a Amalawi amagwera m'gulu lomalizali. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwa zilolezo zapadera zokhalira m'dzikomo, koma Amalawi sanapatsidwepo zoterozo.

Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti sukulu za boma zisamabweze ana chifukwa chosowa mapepala. Chigamulochi chinathandiza ana ambiri, komanso chinagoneka makolo tulo. Mwana amatha kuyenda kuchokera Giredi 1 mpaka Giredi 12 popanda womufunsa viza, banja n'kumaganiza kuti ku yunivesite zidzayendanso chimodzimodzi. Sizitero. Yunivesite silembetsa mlendo wopanda pasipoti ndi viza ya sukulu, ndipo vizayo imafuna kalata yakuti wapatsidwa malo, umboni wa ndalama ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa. Amene analowa m'dzikomo ngati wodzacheza kawirikawiri saloledwa kusintha vizayo ali komweko. Ayenera kubwerera kukapempha ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Ulendo umenewu umafuna nthawi ndi ndalama, ndipo umagwa pakati pa January, pamene zotsatira za matiriki, mayeso omaliza a Giredi 12, zimatuluka, ndi February, pamene sukulu zimatsegulidwa.

Pali njira imodzi imene mabanja ambiri saidziwa. Gawo 4(3) la lamulo la unzika la South Africa limalola munthu wobadwira m'dzikomo kwa makolo achilendo kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dzikomo chibadwire ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa. Gawoli linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2013, ndipo mu 2018 khoti la apilo linatsimikiza kuti limakhudzanso obadwa chakacho chisanafike. Pempho lotere silifulumira, koma likatheka limamuchotsa mwana pa mzere wa alendo. Kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo la unzika mu December 2018 kulola unzika wa maiko awiri, kutenga unzika wa kwina sikutanthauzanso kutaya wa kwawo.

Mapepala a kumudzi nawo safunika kuwazengereza. Mwana wa Mmalawi wobadwira kunja ali ndi ufulu wa unzika kudzera mwa makolo, koma ufuluwo umaoneka pa pepala. Chiphaso cha unzika cha NRB chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndipo polembetsa pamafunika umboni wa makolo kapena wa mfumu ya m'mudzi. Banja la kwa Dambe, kwa Chekucheku, kwa Mlauli kapena kwa Symon limene limabwera pa tchuthi cha December lingachite bwino kugwiritsa ntchito ulendo umodzi kukonza zimenezi mwana adakali Giredi 10 kapena 11.

Mayunivesite a ku South Africa

Dzikoli lili ndi mayunivesite a boma 26, ndipo otchuka mwa iwo amalandira mapempho ochuluka kwambiri kuposa malo. M'zaka zaposachedwa University of Cape Town yakhala ikulandira mapempho opitirira 90,000 pa malo pafupifupi 4,500 a chaka choyamba. Wits, ya ku Johannesburg, opitirira 80,000 pa malo pafupifupi 6,000. Ziwerengerozi zimaopsa kuposa momwe zinthu zilili, chifukwa munthu mmodzi amapempha malo kungapo ndipo ambiri mwa opemphawo safika n'komwe pa mapointi ofunika. Komabe sizisonyeza gawo la mlendo, lomwe ndi lochepa.

Pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu September 1997, limati dziko lililonse lisungire ophunzira a maiko ena a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso liziwalipiritsa fizi ngati ana a m'dzikomo. N'chifukwa chake Mmalawi amalipira fizi ya maphunziro yofanana ndi ya nzika, kuonjezerapo ndalama ina ya chaka ndi chaka imene alendo okha amapereka. Koma gawo la 5 pa 100 amagawana ndi maiko onse a SADC, ndipo ochuluka pa mzerewu ndi a ku Zimbabwe, ambiri mwa iwo atanyamula A-Level. Panganoli silinenanso kuti gawolo lizipezeka pa maphunziro alionse paokha. Yunivesite ingathe kulikwanitsa ndi ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu, kwinaku pa maphunziro olimbiranidwa a chaka choyamba alendo ali owerengeka.

Udokotala ndiwo umaonetsa zimenezi poyera. Ku Cape Town, nthambi ya zaumoyo imaganizira alendo a m'maiko a SADC okhawo amene kwawo kulibe maphunziro amenewo. Popeza Malawi ili ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mwana wa pasipoti ya Malawi wofuna digiri ya udokotala kumeneko mwayi alibe, ngakhale atakhoza 90 pa phunziro lililonse. Masukulu ena a udokotala m'dzikomo nawo ali ndi malire ofanana ndi amenewa. Banja limene mwana wake akufunadi udokotala koma alibe unzika kapena chilolezo chokhazikika liyenera kuyang'ana ku Blantyre msanga, osati kudikira kalata yokana.

Kawerengedwe ka mapointi kamasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo apa m'pomwe mabanja amasokonezeka akamayerekeza ana awo. Satifiketi ya matiriki ili ndi magawo 7: kuyambira 80 mpaka 100 ndi 7, kuyambira 70 mpaka 79 ndi 6, kuyambira 60 mpaka 69 ndi 5, kumatsika choncho. University of Pretoria imaphatikiza magawo a maphunziro 6 kupatula Life Orientation, ndipo mapointi apamwamba ndi 42. Cape Town imaphatikiza malikisi enieniwo pa maphunziro 6, pa 600. Wits imawerenga maphunziro 7, imapereka 8 kwa wopeza 90 kapena kuposa, imaonjezera mapointi 2 pa Chingerezi ndi pa masamu kwa wopeza 60 kapena kuposa, ndipo Life Orientation imaipatsa mapointi ochepa. Mwana wopeza 78, 74, 71, 69, 66 ndi 62 ali ndi mapointi 33 ku Pretoria ndi 420 ku Cape Town. Malikisi amodzi okha osintha 69 kukhala 70 amamupatsa pointi yathunthu ku Pretoria, pomwe ku Cape Town sasintha kanthu kooneka. Choncho mwana wa malikisi ambiri othera pa 8 ndi 9 amaoneka bwino kumene amaphatikiza malikisi, ndipo wongodutsa pang'ono malire a gawo amaoneka bwino kumene amaphatikiza magawo.

Pamwamba pa izi, Cape Town imaonjezera mapointi kwa ochokera m'mabanja ndi m'sukulu zovutika, poyang'ana sukulu imene mwana anaphunzira, maphunziro a makolo ndi zina. Kuonjezeraku n'kwa nzika ndi a chilolezo chokhazikika okha. Ana awiri okhala desiki imodzi ku Khayelitsha, opeza malikisi ofanana, angathe kulandira mayankho osiyana chifukwa mmodzi ndi wa ku Eastern Cape, wina ndi wa ku Ligowe. Kholo limene likuyeza mwayi wa mwana potengera zimene zinachitikira mnzake wa m'kalasi likuyeza ndi muyezo wa mzere wina.

Mayunivesite ena, makamaka pa zaumoyo, amafunanso mayeso a National Benchmark Tests, omwe amalembedwa padera chaka cha matiriki ndipo amalipiridwa. Pempho la malo limaperekedwa ndi zotsatira za kumapeto kwa Giredi 11, osati za matiriki, chifukwa masiku otsekera amafika mayeso asanalembedwe: Cape Town ndi Stellenbosch zimatseka pa 31 July, Wits pa 30 June kwa a zaumoyo ndi pa 30 September kwa ambiri otsalawo. Mayunivesite a ku KwaZulu-Natal amalandira mapempho kudzera ku ofesi imodzi, Central Applications Office. Mwana amene anagona mu Giredi 11 n'kudzadzuka mu Giredi 12 amapeza malo abwino atapita kale.

Chisankho chachikulu koposa chimachitika kumapeto kwa Giredi 9, pamene mwana amasankha pakati pa Mathematics ndi Mathematical Literacy. Sukulu zina zimakankhira ana ku Mathematical Literacy pofuna kuti chiwerengero cha okhoza chizioneka bwino, ndipo kholo logwira ntchito usana ndi usiku limangosaina. Amene watenga phunziroli wadzitsekera uinjiniya, zasayansi, zaumoyo ndi maphunziro ambiri a zachuma, ndipo palibe mapointi amene angatsegulenso.

Pali ana ena amene amalemba MSCE ku Neno kenako n'kutsatira makolo ku Joni. Bungwe la Universities South Africa, lomwe limavomereza masatifiketi akunja kuti alowetse munthu ku digiri, limaona MSCE ngati O-Level. Payokha sikwanira, ngakhale ikhale ya mapointi 6. Pamafunika kuonjezera maphunziro awiri a A-Level kapena anayi a AS-Level, kapena kudzera ku dipuloma kaye. Amene wakwanitsa zaka 23 ali ndi njira yake ya akuluakulu. Ndalama nazo ziwerengedwe pamodzi ndi mapointi: thumba la boma la NSFAS silithandiza mwana wa viza ya sukulu, ndipo mayunivesite ambiri amafuna mlendo alipire gawo lalikulu la fizi asanalembetse.

Kubwerera kwawo

Ku Malawi mayunivesite a boma alipo 6: University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University, LUANAR ku Lilongwe, MUST ku Thyolo, ndi ziwiri zimene zinapatuka ku University of Malawi mu 2021, zomwe ndi KUHeS ndi MUBAS. Kusankha ophunzira ochokera ku sekondale kumayendetsedwa pamodzi ndi bungwe la NCHE. Wopempha amadzaza fomu imodzi, n'kulemba maphunziro angapo motsatira amene akuwafunitsitsa, ndipo akasankhidwa amapatsidwa malo amodzi.

Makolo ambiri amene anachoka kumudzi kalekale amakumbukirabe kota. Ndondomekoyi inayamba mu 1987, khoti linaikana mu 1993, ndipo inabweranso cha mu 2009 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Boma lililonse linkapatsidwa malo 10 a ana ake okhoza bwino koposa, ndipo malo otsala ankagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Kwa Neno, boma laling'ono limene linapatuka ku Mwanza mu 2003 ndipo mu kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 138,000, malo 10 otsimikizika sanali chinthu chochepa. Popeza chimene chinkawerengedwa ndi boma la kwawo osati kumene mwana anaphunzira, mwana wa ku Neno wophunzira sukulu yabwino ya m'tauni ankapikisana ndi anzake a m'sukulu zoyendera za kumudzi, ndipo nthawi zambiri ankawaposa. Mu February 2020 unduna wa zamaphunziro unalengeza kuti kota yatha. Lero dzina la Neno pa fomu silionjezera kanthu. Mwana amapikisana ndi dziko lonse, kuphatikizapo a m'sukulu za mishoni ndi sukulu zikuluzikulu za boma zimene zimatulutsa ana a mapointi ochepera 10 chaka ndi chaka.

Muyezo woyambira ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi akamachepa ndiye kukhoza bwino. Koma oyenerera mwa njira imeneyi amachuluka kuposa malo chaka chilichonse, ndipo kusankha sikutengera mapointi onse 6 okha. Maphunziro alionse a ku yunivesite ali ndi maphunziro a ku sekondale amene amayang'anidwa kwambiri. Wofuna udokotala kapena zamankhwala amayezedwa pa Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Wofuna uinjiniya pa masamu ndi sayansi. Mwana wa mapointi 12 amene 1 wake ali pa Bible Knowledge, Social Studies ndi Chichewa koma masamu anapeza 4 amagonja kwa wa mapointi 15 amene masamu ndi Physics anapeza 1. Dandaulo la chaka ndi chaka lakuti mwana wa mapointi 9 wasiyidwa limachokera kawirikawiri pamenepa, kapena pa kulemba maphunziro olimbiranidwa okhaokha pa fomu. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limafunanso kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 komanso asapitirire 60 pa 100 alionse, kotero malire a atsikana ndi a anyamata pa maphunziro amodzi amatha kusiyana. Mtsikana ayerekezedwe ndi atsikana amene anatengedwa chaka chatha.

Mwana wa satifiketi yakunja amalowa pa mpikisanowu magiredi ake atatembenuzidwa kukhala a MSCE. M'zilengezo za zaka zapitazi, A* wa IGCSE amawerengedwa 1, A ndi 2, B ndi 3, ndipo C ndi 5. Pakati pa B ndi C pali mapointi awiri. Mwana wa ma B asanu ndi limodzi ali ndi mapointi 18. Wa ma C okhaokha, amene kusukulu kwake amamuyamikira kuti wakhoza zonse, ali ndi 30, omwe sangamufikitse pa maphunziro olimbiranidwa. Masatifiketi ena, monga matiriki, ZIMSEC ya ku Zimbabwe kapena 12ª classe ya ku Mozambique, amafunika kupita ku MANEB kuti akayerekezedwe ndi MSCE. Ntchitoyi ichitike fomu isanadzazidwe, chifukwa kalata ya MANEB ndiyo imauza banja mapointi enieni a mwana. Kuyerekeza kwa pamtima kumakonda kukomera mwana. Kwa mabanja okhala ku Tete ndi ku Moatize, kutsidya kwa malire a Neno, chopinga chachikulu ndi Chingerezi: mwana waphunzira zonse m'Chipwitikizi, ndipo popanda kirediti ya Chingerezi fomu yake siganiziridwa.

Kalendala nayo imasemphana. Sukulu za ku Malawi zimayamba mu September ndipo MSCE imalembedwa pakati pa chaka, pomwe matiriki imatuluka mu January. Masiku olandira mafomu amasintha chaka ndi chaka, choncho mwana wa matiriki angathe kupeza atatseka. Akatero sanataye mwayi, popeza chilengezo chimalola masatifiketi a zaka zingapo zaposachedwa ndipo chimatchula zakazo. Chimene wataya ndi nthawi, ndipo banja liyenera kudziwiratu chimene mwanayo azichita podikira.

Mabanja ena amatumiza mwana kumudzi kuti akalembe MSCE yeniyeniyo. Nzeruyi imagwira akapita poyamba Fomu 3, osati pakati pa Fomu 4, ndipo zimadalira sukulu. Sekondale zambiri za ku Neno ndi zoyendera, ndipo labotale, mabuku ndi aphunzitsi a sayansi n'zosakwanira. Physics ndi Chemistry masiku ano ndi maphunziro awiri osiyana, ndipo mwana amene sanatenge limodzi mwa iwo watsekeredwa maphunziro angapo a ku KUHeS, MUST ndi MUBAS. Kukhala ndi agogo ku Nsambe kapena ku Matope kumachepetsa ndalama ndipo kumamuphunzitsa mwana kwawo, koma funso loyamba kwa mphunzitsi wamkulu likhale lakuti ndi ana angati a pa sukulupo anasankhidwa ku yunivesite zaka zitatu zapitazi, ndipo anapita ku maphunziro ati.

Amene alibe mapepala a unzika wa Malawi salowa pa mzere wa NCHE. Amapempha mwachindunji ku yunivesite ngati mlendo ndipo amalipira fizi yokwera, kawirikawiri m'madola. Ngongole za bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, n'za Amalawi osowa, ndipo banja lolandira malipiro m'marandi kapena m'mapaundi lisaziike m'bajeti. Kumbali ina, kugwa kwa kwacha, monga kwa 44 pa 100 kwa mu November 2023, kumachititsa kuti fizi ya kwawo ikhale yopepukirapo kwa wotumiza ndalama kuchokera kunja kusiyana ndi ya ku Cape Town kapena Pretoria.

America ndi Britain

Ku United States kusiyanitsa eni dera ndi obwera kuli m'malamulo. Mayunivesite a boma amayendetsedwa ndi misonkho ya steti yake, choncho amasungira ana a stetiyo malo ambiri. University of North Carolina ku Chapel Hill siloledwa kupatsa obwera malo opitirira 18 pa 100 a chaka choyamba, ndipo ku University of Texas ku Austin malo 90 pa 100 ndi a ana a ku Texas. Mwana wa Mmalawi wokhala ku Indiana akapempha ku Chapel Hill amalimbirana kagawo kameneko ndi dziko lonse la America pamodzi ndi maiko akunja, ndipo mwayi wake umatsika kangapo kuyerekeza ndi wa mwana wa malikisi omwewo wa ku Charlotte. Fizi ya wobwera imakhala kawiri kapena katatu. Kuti munthu awerengedwe mwini dera, nthawi zambiri makolo ayenera kukhala atakhazikika mu stetiyo miyezi 12 ali ndi mapepala olola kukhazikika. Wa viza ya sukulu ya F-1 sawerengedwa ngakhale akhale zaka zingati. Mayunivesite ambiri amasindikiza chikalata chotchedwa Common Data Set, chosonyeza opempha, otengedwa ndi malikisi awo, ndipo ena amagawa ziwerengerozo pakati pa eni steti, obwera ndi akunja. Mzere wofunika kuwerenga ndi wa mwanayo. Mayunivesite omwe si a boma salabadira steti, koma ambiri amayang'ana thumba la mlendo posankha. Ochepa monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst satero, koma kumeneko otengedwa ndi ochepa zedi moti palibe mwana angakuwerengere ngati kotsimikizika. Kwa wochokera ku Malawi mwachindunji, malamulo a viza akhala akukhwima kuyambira mu 2025.

Ku England chofunika ndi mtundu wa fizi. Kuti mwana alipire ya eni dziko ayenera, mwa zina, kukhala atakhala m'dzikomo zaka 3 maphunziro asanayambe komanso ali ndi chilolezo chokhazikika, kupatula amene akhalako nthawi yaitali kwambiri. Mwana amene anabwera ndi mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba angathe kulemba A-Level ku Leeds n'kukhoza bwino, koma n'kuwerengedwabe wakunja, wopanda ngongole ya boma. Pa udokotala akunja amapatsidwa malo pafupifupi 7.5 pa 100. Fomu yopemphera malo ya UCAS imalola zisankho 5, ndipo Oxford, Cambridge ndi udokotala zimatseka pa 15 October. Ku Scotland malamulo ndi ena ndipo anafewetsedwa mu 2023, kotero banja la ku Glasgow lisatengere zimene linamva kwa abale a ku Manchester.

Kuphatikiza zonse

Mapointi olembedwa m'buku la yunivesite ndi ololeza kupempha, si otsimikizira malo. Malire enieni ndi mapointi a womaliza kutengedwa, ndipo pa maphunziro olimbiranidwa amakhala patali ndi olembedwawo. Ofesi yolemba ophunzira ikafunsidwa mwa kalata imatha kuyankha mafunso achindunji: ngati mwana wa pasipoti ya Malawi amaganiziridwa pa maphunziro akutiakuti, malo a gulu lake alipo angati, ndi pamene malire anathera chaka chatha. Funso loyambalo likayankhidwa kuti ayi, ena awiriwo safunikanso. Ku Malawi, aphunzitsi aakulu a sekondale amadziwa magiredi a ana awo amene anasankhidwa ndi amene anasiyidwa, ndipo zitsanzo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zotere zimapereka chithunzi chabwino kuposa mphekesera za pa WhatsApp.

Poyerekeza, magiredi ogwiritsa ntchito ndi amene mwana ali nawo pa lipoti, osati amene walonjeza kudzapeza. Amene ali pamwamba ndithu pa malire a chaka chatha ali ndi mwayi wabwino. Amene ali pa malire penipeni ali pakatikati, popeza malirewo amasuntha. Amene wangokwanitsa mapointi olembedwa m'buku, ngati ndi mlendo, awerengedwe kuti mwayi wake ndi wochepa. Zisankho zigawidwe potsatira zimenezi. Pa fomu ya NCHE, mwana amene walemba udokotala, zamankhwala ndi uinjiniya okhaokha angathe kutsala, pomwe mnzake wa mapointi ochuluka amene anaikapo zauphunzitsi, zaulimi kapena zankhalango wapeza malo. Kulemba maphunziro amene mwana alibe phunziro lake lofunika ndi kutaya mpata pachabe. Ndipo kupempha m'maiko awiri nthawi imodzi, ku South Africa pakati pa chaka ndi ku Malawi chilengezo chikatuluka, n'kotsika mtengo kusiyana ndi chaka chathunthu chokhala pakhomo.

Palibe munthu wogulitsa malo ku mayunivesite a boma, ndipo dobadoba wolonjeza kulowetsa dzina pa mndandanda akungofuna ndalama. Kwa amene sanasankhidwe, ku Malawi kuli mayunivesite a mipingo monga Catholic University ku Nguludi, Malawi Adventist University, University of Livingstonia ndi Nkhoma University, omwe amalandira mapempho mwachindunji. NCHE imasindikiza mndandanda wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo maphunziro enieniwo ayenera kupezekapo, osati dzina la sukulu lokha. Ku South Africa unduna wa maphunziro apamwamba uli ndi kaundula wa makoleji omwe si a boma, wofunika kumuona asanalipire kalikonse ku makoleji odzaza m'nyumba zosanja za pakati pa Johannesburg. Mzuzu University ndi LUANAR zili ndi maphunziro ophunzirira kutali, ndipo mayunivesite a boma amalandiranso akuluakulu amene ali ndi dipuloma yovomerezeka ndipo agwirapo ntchito, pa mzere wosiyana ndi wa ochokera ku Fomu 4.